Khoka la masikito, injini ya ngongole ndi malire a mphamvu za bwalo la mfumu

Lipoti ili ndalembera anzanga amene timalangiza anthu zamalamulo m'midzi, makamaka inu a m'maboma a m'mbali mwa nyanja. Nkhaniyi inachitika m'mudzi wina wa asodzi kuno ku Mangochi. Sinditchula mudziwo, mfumu yake, polisi kapena khoti, ndipo anthu onse ndiwatchula ndi maudindo awo basi.

Mayiyo anafika pa ofesi yathu Lachiwiri m'mawa pa kabaza, mwana ali kumbuyo. M'manja anali ndi jumbo yakale ya shuga, ndipo m'jumbomo munali kabuku ka banki m'khonde ndi lisiti lopindapinda lomwe linayamba kufufutika ndi thukuta. Mwamuna wake anali atakhala m'chitokosi masiku asanu, koma si zimene anayamba nazo. Atakhala pansi anati, "Bambo, andilanda injini, ngongole yake ndisanamalize."

Chiyambi chake

Mwamunayo ndi mkamwini m'mudzimo. Kwawo ndi kumtunda, ndipo anali atakhala pa banjapo zaka zisanu ndi zinayi, ana atatu. Mayiyo ndi wa geni ya usipa, amayanika pa thandala n'kumagulitsa kwa amalonda ochokera ku Limbe ndi ku Lilongwe. Iye ndi amene anatenga ngongole ku gulu la amayi anzake n'kugula injini yakale, kuti mwamuna wake asiye kukwera maboti a eni. Chaka chimenecho mwera unakhalitsa, usipa unasowa, ndipo tsiku lobweza ngongole silinasunthe. Mu Novembala, nyanja itangotsekedwa kuti chambo chiswane, mwamunayo anasokerera masikito mkati mwa khoka, natenga alovi anayi, anthu omuthandiza pa usodzi, usiku kupita ku gombe lina la zii, pafupi ndi bango. M'bandakucha wa Lachitatu a komiti ya pagombe, imene ambiri amangoti BVC, anawapeza ali ndi ndowa zitatu za kasawala, tiana ta chambo.

Ndinene pano pomwe kuti munthuyu analakwa, ndipo sanakane kwa ine, kwa mfumu kapena kukhoti. Kasawala ndi chambo cha mawa. Aliyense wokulira kuno akudziwa zimene zinachitika pa nyanja ya Malombe, pomwe chambo chinatha anthu akuona, mpaka mu 1993 boma linayamba kugwira ntchito ndi makomiti a pagombe kuti asodzi eniake ateteze nsomba. Choncho sindinalowe m'nkhaniyi ngati wodzapulumutsa munthu wosalakwa.

Lachinayi mfumu inaitanitsa bwalo pansi pa mtengo wa mango. Wapampando wa komiti anafotokoza, alovi anavomera, nduna zinapita kuseri kukakambirana, ndipo chigamulo chinatuluka ndi mitu inayi. Khoka liwotchedwe. Mwamunayo apereke mbuzi ziwiri. Injini ikhale ya mudzi, komiti iziyendera poyang'anira nyanja. Ndipo pakatha masiku asanu ndi awiri mkamwiniyo asaonekenso m'mudzimo. Atamva za injini, mwamunayo anaimirira n'kukuwa kuti mphwake wa wapampando amapha kasawala yemweyo koma sagwidwa. Panabuka phokoso, wina anamugwira kolala, ndipo mkulu wina wandale amene anali pa bwalopo anaimba foni ku polisi. Dzuwa likulowa, galimoto inabwera kudzamutenga.

Zimene tinapeza

Mayiyo atamaliza, ndinatenga pepala n'kulemba zinthu zisanu zimene zinachitikira banjali: kugwidwa kwa zipangizo, mbuzi, injini, kuthamangitsidwa, ndi chitokosi. Pambali pa chilichonse ndinalemba funso limodzi lomwelo: amene wachita izi, mphamvuyo anamupatsa ndi lamulo liti? Njira imeneyi ndimaigwiritsa ntchito pa nkhani zambiri, chifukwa anthu akabwera amabwera ndi mtolo umodzi wotchedwa "andilakwira", ndipo ukapanda kuumasula umatha kukana zonse kapena kuvomera zonse.

Funsolo silochokera m'mutu mwanga. Malamulo aakulu a dziko lino, amene anayamba kugwira ntchito mu Meyi 1994 pambuyo pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, n'kukhazikika kotheratu mu 1995, ali ndi gawo 12 lomwe limanena kuti mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu a m'Malawi, kuti wozigwira wangosungitsidwa, ndipo azigwiritse ntchito mpaka pomwe lamulo lamulekezera. Gawo lomwelo limati palibe munthu kapena bungwe lili pamwamba pa lamulo. Gawo 5 limamaliza nkhani: chochita cha boma kapena lamulo lililonse lotsutsana ndi malamulo aakuluwa n'lopanda mphamvu pomwe latsutsanapo. Ndipo gawo 200 limalola malamulo a makolo athu kupitirira, koma pokhapokha ngati sakuwombana nawo.

Kenaka pali magawo 7, 8 ndi 9, amene amagawa ntchito ya boma patatu. Nyumba ya Malamulo imapanga malamulo. Nthambi ya mtsogoleri wa dziko ndi nduna zake, pamodzi ndi apolisi, ma DC ndi ogwira ntchito m'maunduna, imayendetsa malamulowo. Makhoti amatanthauzira ndi kuweruza. Timakonda kuphunzitsa zimenezi ngati nkhani ya ku Lilongwe, ya Capital Hill ndi aphungu, koma pa gombe lija zonse zitatu zinalipo. Lamulo loteteza nsomba la 1997 analipanga ndi aphungu. Oliyendetsa ndi a nthambi ya usodzi, mothandizidwa ndi makomiti a pagombe amene malamulo a mu 2000 anawapatsa malo. Wonena kuti uyu walakwa, alangidwe motere, katundu uyu alandidwe, ndi khoti.

Nditayika zinthu zisanu zija pa muyeso umenewu, yoyamba inaima bwinobwino. Komiti ili ndi mphamvu yogwira zipangizo zimene ikukhulupirira kuti zagwiritsidwa ntchito pophwanya lamulo. Koma kugwira si kulanda. Zogwidwazo zimayenera kuperekedwa m'manja mwa ofesala wa usodzi, zidikire khoti. Apa ndi pomwe injini inasochera, chifukwa tinaipeza ili m'nyumba ya msungichuma wa komiti, itayamba kale kuyenda pa nyanja. Gawo 28 limaletsa kulanda munthu katundu wake mwachisawawa, ndipo mwini injiniyo sanali m'boti usiku uja, sanaitanidwe pa bwalo, sanafunsidwe kanthu. Anangokhala kumbuyo ndi amayi anzake n'kumamva chuma chake chikugawidwa.

Kuthamangitsa munthu pamudzi kunalibe poimira mpang'ono pomwe. Gawo 39 limapatsa aliyense ufulu woyenda ndi wokhala kulikonse m'dziko muno, ndipo silinena kuti kupatula akamwini. Ndikudziwa kuti ambiri kuno amaona mkamwini ngati mlendo woti akhoza kunyamula mkeka wake tsiku lililonse, koma chigamulo chija chikanathetsa banja limene eni ake sanafune kulithetsa, ana atatu n'kukula opanda bambo pakhomo.

Nkhani ya mbuzi ndiyo inandivuta, ndipo mpaka lero anzanga ena timatsutsana. Mabwalo a mafumu amathetsa mikangano yambiri kuposa makhoti onse a m'boma lino, ndipo anthu akagwirizana okha kuti wolakwa apepese ndi nkhuku kapena mbuzi, palibe lamulo loletsa kuyanjana. Koma mfumu si khoti. Udindo wake uli m'lamulo la mafumu la 1967, amalandira mswahala kuchokera ku boma, amagwira ntchito ndi DC, kutanthauza kuti ali kumbali yoyendetsa boma. Gawo 110 limalola Nyumba ya Malamulo kukhazikitsa makhoti a m'madera oti mafumu kapena anthu wamba aziweruzamo milandu ya chikhalidwe ndi timilandu tina ting'onoting'ono, koma bwalo la pansi pa mango lija silinali khoti lotero. Kupha kasawala ndi mlandu wolakwira dziko, ndipo mbuzi zija sizinaperekedwe mwa kufuna, zinaperekedwa munthu ataopsezedwa. Ndinaona kuti n'zolakwika, komabe ndinasankha kusalimbana nazo. Chifukwa chake ndifotokoza.

Ku polisi

Ndinayamba ndi chitokosi, chifukwa munthu wotsekeredwa sangadikire. Gawo 42 limati womangidwa afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48, ndipo maolawo akathera pa nthawi imene khoti silikugwira ntchito, afikitsidwe tsiku loyamba limene khoti latsegula. Anzanga, werengani maola bwino musanapite kukalankhula. Munthu wathu anamangidwa Lachinayi madzulo, maola 48 anatha Loweruka madzulo, choncho tsiku lake linali Lolemba. Ndikanapita Loweruka n'kumati lamulo laphwanyidwa, akanandibweza ndipo akanakhoza. Koma ili linali Lachiwiri masana.

M'buku la pa kauntala munalembedwa kuti anachita zinthu zosokoneza mtendere. Za nsomba munalibemo. Wapolisi amene anali ndi nkhaniyo anandiuza mosabisa kuti akudikira "akuluakulu a kumudziko" anene ngati mtima wawo watsika. Sindinakweze mawu. Ndinamufunsa kuti khoti likadzafunsa chifukwa chimene munthu wagonera masiku asanu m'chitokosi, dzina lolembedwa pa fayilo lidzakhala la mkulu wandale uja kapena lake. Anakhala chete kanthawi, kenaka anapita kwa bwana wake. Madzulo omwewo munthu wathu anatuluka pa belo ya polisi, mkulu wake ndi mlamu wake atasayinira. Panalibe ndalama imene inaperekedwa, ndipo ndinaonetsetsa kuti mayiyo wamva kuti belo ya polisi ndi yaulere, popeza anali atagulitsa kale thumba la usipa pokonzekera.

Kulakwitsa kwanga

Lachitatu ndinapita kwa mfumu, ndipo ndinalakwitsa. Ndinafika nthawi ya bwalo la nkhani ina ya malire a dimba, anthu ali tho. Atandipatsa mpata wolonjera, ndinatulutsa kabuku ka malamulo n'kuyamba kuwerenga gawo 39 ndi gawo 28 pamaso pa anthu onse. Zonse zimene ndinanena zinali zoona. Mfumu inandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka inati, "Mwana wanga, wamaliza? Kabukuko kapite nako kunyanja ukawerengere chambo, mwina chibwerera." Anthu anang'ung'udza movomereza, ndipo nduna ina inawonjezera kuti masiku a mkamwini atsala awiri.

Ndinabwerera ndi mtima wolemera, podziwa kuti ndaika banja lija pamoto woposa pomwe linali. Mfumu ikagamula pagulu, n'kubwera mnyamata wa pa boma kudzaitsutsa pagulu pomwepo, ngakhale itaona kuti yalakwa singabwerere m'mbuyo anthu ake akuona. Ndinaiwalanso chinthu chachikulu: anthu aja sanali ankhanza ofuna kuzunza mkamwini. Anali anthu amene akuona nyanja ikutha, amene analondera usiku popanda malipiro, ndipo anamva ngati ndabwera kudzaikira kumbuyo wowononga.

Lachinayi ndinapita kwa ofesala wa usodzi wa deralo. Nkhani ya kugwidwa kwa khoka anali ataimva, koma sanadziwe kuti pali injini. Anavomera kuti zipangizo zonse ziyenera kubwera m'manja mwake ndi kulembedwa, ndipo anavomera kupita nane. Ichi chinali chinthu chofunika kwambiri pa nkhani yonseyi. Mawu oti "perekani injini" akachokera kwa ine, anali mawu a mbali ya wolakwa. Akachokera kwa iye, anali mawu a mwini ntchito amene komiti imagwira naye tsiku ndi tsiku.

Ulendo wachiwiri

Tinadzera kwa nduna yaikulu, monga mwa mwambo, n'kupempha kuonana ndi mfumu kunyumba, osati pa bwalo. Tinafika Lachisanu m'mawa kwambiri, anthu asanayambe kukonzekera za ku mzikiti. Tinakhala pa mkeka pakhonde, mfumu pa mpando wake, nduna ziwiri, wapampando wa komiti, ofesala ndi ine. Kabuku kaja ndinakasiya m'chikwama. Ndinayamba ndi kupepesa chifukwa cha Lachitatu, ndipo ndinanena momveka kuti mkamwiniyo analakwa ndipo ine sindidzapempha aliyense kuti amukhululukire mlandu wa nsomba.

Mfumu inayankhula nthawi yaitali. Inati khoti likamulipitsa tindalama tochepa, mawa lake adzabwerera m'madzi. Inati milandu ya pa boma imachedwa, mboni zimatha ndalama ya thiransipoti, ndipo pomaliza anthu amaseka komiti. Inati ili mwana chambo chinkadyedwa ndi aliyense, lero mwana wa msodzi amachiona chikukwera galimoto kupita ku Blantyre. Sindinatsutse chilichonse mwa izi, chifukwa zambiri n'zoona.

Itamaliza ndinati, "Zikomo amfumu. Ndili ndi funso limodzi lokha. Amene anagwira injini ndi a komiti. Amene anachitira umboni ndi a komiti. Pokambirana chigamulo a komiti analipo. Lero amene akuyendera injiniyo ndi a komiti omwewo. Lero agwira wolakwadi. Nanga chaka chamawa, komiti ikafuna boti, ndipo wapampando akakhala wina amene ali ndi chidani ndi mdzukulu wanu, mdzukuluyo adzathawira kwa yani?"

Wapampando anafuna kuyankha koma mfumu inakweza dzanja. Amene anayankhula anali nduna yokalamba imene inali chete nthawi yonseyi. Inakumbutsa za mudzi wa Moto, kuno komwe ku Mangochi, umene anthu ake anatengedwa n'kukatsekeredwa m'nthawi ya chipani chimodzi powaganizira kuti ankathandiza a Masauko Chipembere. Inati masiku amenewo wokugwira, wokuweruza ndi wokulanda anali munthu mmodzi, ndipo panalibe khomo loti ukagogode. Ine sindinawonjezere kanthu pamenepo, ngakhale m'mutu mwanga munali lamulo la 1966 lolola boma kulanda katundu wa munthu popanda khoti, komanso a Orton ndi a Vera Chirwa, amene anagamulidwa kuti aphedwe mu 1983 ndi khoti la mafumu momwe sanaloledwe kukhala ndi loya. Olemba malamulo a 1994 ankakumbukira zimenezi pomwe ankachepetsa mphamvu za makhoti otere mu gawo 110. Koma mawu a mkulu uja anali okwana, ndipo anachokera m'nyumba momwemo.

Mfumu sinanene kuti inalakwa, ndipo sindinayembekezere kuti itero. Inati injini ndi khoka zipite ndi ofesala, "boma lione pochita". Za kuthamangitsa inati idzalankhula ndi eni mbumba. Pa bwalo lotsatira inalengeza kuti, chifukwa cha ana ndiponso chifukwa akuluakulu a banja la mkazi apempha, mkamwini akhale, koma akapepese kwa wapampando pa mawu amene analankhula. Anakapepesa. Anthu anamva kuti mfumu yachita chifundo, osati kuti yagonja, ndipo ine zimenezo sizinandidetse nkhawa.

Apa ndi pomwe ndinasiyira mbuzi. Imodzi inali itadyedwa kale tsiku la bwalo, inayo inali m'khola la mfumu. Ndikanaumirira, ndikanataya injini ndi banja pofuna mbuzi. Ndinafotokozera mwamunayo ndi mkazi wake kuti ali ndi ufulu wozifunsa, ngakhale kukasuma, ndipo ndinawauzanso chimene ndikuona kuti chingatsatire. Anasankha okha kuzisiya. Anzanga ena amati pamenepo ndinalola mchitidwe wosayenera kupitirira. Mwina akunena zoona. Chimene sindikanachita ndi kuwabisira kuti ufuluwo ali nawo.

Foni imene sinaimbidwe

Masiku akhoti atayandikira, mkulu wake wa mwamunayo anabwera kwa ine ali wosangalala. Anati wapeza njira: ali ndi mnzake wodziwana ndi phungu wina, ndipo phunguyo akhoza kuimbira woweruza kuti mlandu uthe mwakachetechete. Ndinamuuza kuti ndikamva kuti foniyo yaimbidwa, ine ndichoka m'nkhaniyi. Anadabwa, n'kunena kuti mbali inayo inaimba kale foni ku polisi, bwanji ife.

Ndinakhala naye pansi pafupifupi ola lathunthu. Gawo 103 limati makhoti ndi oweruza azigwira ntchito popanda kuuzidwa zochita ndi munthu kapena ulamuliro wina uliwonse. Ndinamukumbutsa za pa 3 Febuluwale 2020, pomwe oweruza asanu anafafaniza chisankho cha mtsogoleri wa dziko cha mu Meyi 2019, khoti lalikulu la apilo n'kugwirizana nawo, dziko n'kuvotanso pa 23 Juni. Iye anati anamvera chigamulocho pa wayilesi tsiku lonse ali pa gombe. Ndinamufunsa ngati oweruza aja akanatha kutero akanakhala anthu omvera foni. Ndinamuuzanso za phindu lake iye mwini: m'bale wake anagona masiku asanu m'chitokosi chifukwa cha foni, ndipo khoti lomvera foni limamvera ya amene ali ndi mphamvu zambiri, amene sadzakhala msodzi wa ngongole. Phungu ali ndi ntchito yake pa nkhani ngati iyi. Ngati zindapusa za m'lamulo la nsomba zachepa mphamvu, monga inadandaulira mfumu, malo okazikweza ndi ku Nyumba ya Malamulo, ndipo kumeneko ndiye tingamutume. Sindikudziwa ngati ndinamukhutiritsa, koma foniyo sinaimbidwe.

Kukhoti

Mlandu wosokoneza mtendere sunapitirire. Umene unalowa m'khoti la majisitireti unali wa nsomba. Monga mukudziwa, ife sitiimira munthu m'khoti, choncho ntchito yanga inali yokonzekeretsa. Mwamunayo ndinamufotokozera tanthauzo la kuvomera mlandu, kuti asavomere chimene sanachite, komanso kuti akapatsidwa mpata wodandaula anene zonse: kuti ndi koyamba, kuti ali ndi ana atatu, kuti anagona masiku asanu m'chitokosi, kuti anapereka kale mbuzi ziwiri. Iye ankaganiza kuti poti analipa kwa mfumu, khoti silingamulangenso. Ndinamuuza kuti ayi. Lamulo loletsa kuweruza munthu kawiri pa mlandu umodzi limanena za chigamulo cha khoti, ndipo bwalo lija silinali khoti. Mbuzi zikanangothandiza pochepetsa chilango.

Mayiyo ndinamuchenjeza kuti khoti lili ndi mphamvu yolamula kuti zipangizo zogwiritsidwa ntchito pa mlandu zilandidwe, injini yomwe. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti nanga tavutikiranji. Ndinamuyankha kuti kusiyana kwake n'kwakuti kuno adzafunsidwa, adzaonetsa mapepala ake, woweruzayo alibe boti lofuna injini, ndipo chigamulo chikamuipira pali khoti lalikulu kokadandaula. Musamalonjeze anthu kuti khoti liwakomera. Alonjezeni chokhacho chimene malamulo amalonjeza, kuti adzamvedwa ndi munthu wopanda mbali.

Tsikulo mayiyo anabwera ndi jumbo ija, ndipo mlembi wa gulu la banki m'khonde anabwera ndi buku lalikulu la gulu, momwe munali dzina lake, tsiku la ngongole ndi zimene anali atabweza. Mwamunayo anavomera mlandu. Wapampando wa komiti anafotokoza momwe anawagwirira, ndipo woweruza anayamikira komitiyo pa ntchito yolondera nyanja, zomwe wapampandoyo anakazinena kumudzi konse. Woweruza anafunsa mayiyo ngati ankadziwa za ulendo wa usiku uja. Anati ankadziwa kuti boti latuluka, za masikito sankadziwa. Chigamulo chinali chindapusa, kapena kukakhala kundende akalephera kulipira, khoka liwonongedwe, injini ibwezedwe kwa mwini wake. Abale anasonkha, chindapusa chinalipidwa tsiku lomwelo.

Zotsatira

Khoka linawotchedwa pa gombe, ofesala wa usodzi, mfumu ndi komiti alipo. Ndi chilango chomwe chija bwalo linagamula poyamba, koma tsopano panali pepala la khoti, ndipo palibe amene akanati komiti yachita nkhanza.

Injini inabwera ili ndi vuto. Masiku amene inayenda m'manja mwa komiti inathiridwa mafuta osasakaniza bwino, ndipo makaniko anafuna ndalama zimene banjalo linalibe. Inakhala miyezi iwiri pakona ya nyumba itafundidwa chitenje. Apa pali phunziro lina limene ndinaliphonya: tsiku lomwe ofesala ankailandira, ndikanapempha kuti ailize pamaso pa onse n'kulemba momwe ilili. Popanda zimenezo panalibe njira yosonyezera kuti inawonongekera kuti. Gulu la amayi linamuwonjezera mayiyo nthawi yobwezera, ndipo anamaliza ngongole mochedwa ndi miyezi inayi.

Za mphwake wa wapampando sizinafufuzidwe. Ndinazitchula kwa ofesala, anati aziyang'ana, ndipo sindinamvenso kanthu. Za masiku amene munthu wathu anakhala m'chitokosi mopitirira malire, ndinawauza kuti akhoza kukadandaula ku ofesi ya Ombudsman kapena ku bungwe la boma loona za ufulu wa anthu, kapenanso kupempha loya ku Legal Aid Bureau kuti akasume. Mwamunayo anati watopa, akufuna abwerere m'madzi.

Nyengo yotseka nyanja yotsatira, komiti yomweyo inagwira anyamata awiri ndi khoka la maso ang'onoang'ono. Ndinamva nkhaniyi kwa ofesala wa usodzi, amene anandionetsa kalata yolembedwa pamanja pa pepala long'amba m'kope, ili ndi chidindo cha mfumu. Munali mayina a anyamatawo, tsiku, ndi mndandanda wa zogwidwa: khoka limodzi, bwato limodzi, nkhafi ziwiri, nyali imodzi yosweka galasi. Pansi pake mlembi wa mfumu analemba kuti zonse zatumizidwa ku boma. Nditafunsa kumudziko, anandiuza kuti makolo a anyamatawo anaperekabe nkhuku imodzi imodzi kwa mfumu.